Ndere zikagwira mtovu, tikautaya kuti?

Anzanga, ambirife timaganiza kuti madzi ukawawiritsa kapena kuthiramo WaterGuard ndiye kuti basi ayera. Tizilombo timafadi, koma mtovu, kadimiyamu ndi zitsulo zina zapoizoni sizifa ndi moto. Ukawiritsa, madzi ndi amene amaphwera, mtovu n'kutsala wonse mumphika. Sununkha, suonekanso ndi maso. Bungwe la WHO limati mtovu usapitirire ma microgram 10 pa lita imodzi ya madzi akumwa (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a gilamu), ndipo amene amavulala kwambiri ndi mwana, chifukwa ubongo wake sukula bwino.

N'chifukwa chake nkhani ya timaulusi topangidwa kuchokera ku ndere, timene akatswiri akufufuza ngati tingachotse mtovu m'madzi, yandikoka mtima. Sindikunena ndere zobiriwira zoterera za pachitsime ayi, koma zabulauni za m'nyanja zamchere, zina zotalika kuposa mtengo wa bulugamu. M'kati mwake muli zinthu zonanda zotchedwa alginate, zimene katswiri wina wa ku Britain dzina lake Stanford anazitulukira mu 1881. Mwina munakumana nazo kale osadziwa: madokotala a mano amadinda nazo mano a odwala, ndipo ena amazithira mu ayisikilimu kuti agwirane.

Alginate ali ndi timalo tambirimbiri togwira zitsulo zosungunuka m'madzi, ndipo mtovu umakakamira pamenepo zolimba. Payekha amavuta kupota, choncho amamusakaniza ndi mankhwala ena onanda, n'kumukoka kuchokera pa singano ndi magetsi a mavoti masauzande ambiri. Chimatuluka ndi ulusi woonda moti pamafunika mazana kuti ufanane ndi tsitsi limodzi. Ulusiwo umasanjikizana n'kukhala kansalu, kenako amakaviika m'madzi a kashiamu kuti kasasungunuke. Nzeru yagona pa kuondako. Mchere wa mibulu umachedwa kusungunuka mu ndiwo, wosinja sutenga nthawi; ulusi ukaonda, madzi amaukhudza mbali zonse ndipo mtovu umapeza pogwira msanga.

Mpaka apa ndikuwomba m'manja. Koma ndili ndi mafunso anga.

Kumbukirani February 2025, pomwe dziwe la zinyalala za mgodi wa kopa ku Chambishi m'dziko la Zambia linagumuka, madzi a asidi n'kulowa mumtsinje wa Kafue. Nsomba zinayandama, ku Kitwe mipope inatsekedwa. Tsono alginate amafooka m'madzi a asidi wambiri: timalo tija timatsekeka, zitsulo n'kudutsa. Ndiye kuti pamalo pomwe tikumufunitsitsa, uyenera kuyamba wathira laimu kuti asidi azizire. Madzi a mu labu ndi ofatsa, muli chitsulo chimodzi chokha. A pamjigo wakumudzi muli mchere, dothi ndi kashiamu, zonse kulimbirana malo omwewo pakansalu.

Funso londisowetsa tulo ndi ili: kansalu kakakhuta mtovu, tikapita nako kuti? Mtovu sunathe, wangosamuka. Amati mutha kukatsuka ndi asidi n'kukagwiritsanso ntchito. Chabwino, koma tsopano mwatsala ndi chidebe cha asidi wodzaza mtovu. Ife timadziwana: chakutha ntchito chimapita kudzala kuseri kwa nyumba, nkhuku zifukule, ana atole, mvula ikokolole. Ndipo poti alginate amaola, chimene amamutamira nachocho, akaola kudzalako mtovu ubwerera m'nthaka mwakachetechete. Wina adzati tingotentha, osadziwa kuti utsi ndi phulusa ndiye zoipiratu.

Musandimve molakwa, kafukufukuyu apitirire. Ine ndikuona kuti malo ake enieni ndi pa paipi ya fakitale kapena ya mgodi, pomwe madzi oipa amatulukira pamalo amodzi ndipo pali munthu wolembedwa ntchito yosonkhanitsa zinyalalazo. Kuyamba ndi kugawira amayi tisefa m'makomo kuli ngati kuwauza kuti akolope zimene ena anataya.

Komanso tisaiwale za Kabwe, mzinda wa ku Zambia. Mgodi wa mtovu kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akupezeka ndi mtovu wambiri m'magazi. Mtovu wambiriwo sukuchokera m'kapu ya madzi. Uli m'fumbi la pabwalo pomwe amasewera mpira, ndipo pamenepo kansalu ka ndere kalibe chochita.