Ku Gorongosa ophunzira amagona m'tchire, kwathu amayenda ndi mapepala a mafunso

Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, ya 1977 mpaka 1992, inasiya nkhalango ya Gorongosa itatsala pang'ono kutheratu nyama zikuluzikulu. Mu 2014 anatsegulamo labotale yofufuzira zamoyo yotchedwa E.O. Wilson, ndipo kuyambira 2018 muli maphunziro a digiri yachiwiri ya kasamalidwe ka zachilengedwe ochitikira m'nkhalango momwemo, mogwirizana ndi mayunivesite a Zambeze, Lúrio ndi Lisbon komanso sukulu yaukachenjede ya ku Manica. Amatenga ophunzira 12 okha, zaka ziwiri ali pomwepo.

Chomwe chimandikopa ine n'chakuti wophunzira safika n'kuyamba kukanda mutu kuti alembe chiyani. Mafunso amawapeza akumudikirira, ochokera kwa oyang'anira nkhalango: njovu zolowa m'minda, moto wolusa, khofi wobzalidwa pamthunzi wa mitengo paphiri la Gorongosa. Wina akamaliza, mnzake amapitiriza pomwe wasiyira. Namondwe Idai atasefukira m'nkhalangomo mu 2019, akatswiri anatha kuyerekeza mmene nyama zinkakhalira madzi asanabwere ndi atabwera, poti zina zinali zitavekedwa kale makolala a GPS, osonyeza komwe nyama ili.

A ku Zambia njira yawo ndi ina. Yunivesite ya Copperbelt ku Kitwe ili ndi sukulu ya zachilengedwe pakati pa nkhalango za miombo zomwe makala akuzimaliza, pomwe ku Luangwa bungwe la Zambian Carnivore Programme limaphunzitsa achinyamata kulondola mikango ndi mimbulu, ena mpaka kukatenga madigiri apamwamba. Zambia ilinso mu SASSCAL, mgwirizano wa kafukufuku wa nyengo womwe Germany amathandiza. Malawi mulibe.

Kwathu aphunzitsi aluso alipo, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Zomba ndi ku Thyolo. Koma wophunzira wa chaka chomaliza nthawi zambiri amadzilipirira yekha kafukufuku, ndiye amasankha chotchipa: kusindikiza mafunso, kukwera kabaza, kukafunsa alimi ngati mvula yasintha. Alimiwo amayankha kuti inde yasintha, monga anayankhira mnzake chaka chatha. Buku limamangidwa bwinobwino, n'kukagona pashelefu. Mwanayo sindimudzudzula, thumba lake ndi lomwelo.

Chowawa n'chakuti njira ya Gorongosa tinaichitapo ife kale. Kuyambira 1966, Yunivesite ya Malawi inatsatira nyanja ya Chilwa kwa zaka pafupifupi khumi, n'kulemba mmene inaphwera mu 1968 ndi mmene matemba, makumba ndi milamba zinabwererera. Itaphwanso mu 1995 ndi 2018, zolemba zakalezo n'zomwe zinali poyambira.

Wina anena kuti Gorongosa ili ndi ndalama za Greg Carr, mpondamatiki wa ku America amene anasaina pangano ndi boma mu 2008, ndipo ana 12 si chimodzimodzi ndi mazana omwe amamaliza kwathu chaka chilichonse. Zoona. Komatu kuyeza kuya kwa madzi pa doko la Kachulu ku nyanja ya Chilwa kapena kuwerenga mbande za mkungudza zomwe zapulumuka ku moto pa Mulanje sikulira makolala a GPS. Kumalira chingwe choyezera, kope, ndi mphunzitsi wololera kupereka malo omwewo kwa kalasi iliyonse yobwera kwa zaka khumi, ngakhale mutu wake uzioneka wobwerezabwereza pamaso pa oyesa mayeso.