Moisés Ville sinalephere, ngakhale ana ake anachokamo

Ku Argentina, m'chigawo cha Santa Fe, kuli katauni kotchedwa Moisés Ville, mtunda wa makilomita oposa 600 kuchokera ku Buenos Aires. Cha m'ma 1940 munkakhala anthu pafupifupi 5,000, ambiri mwa iwo Ayuda. Lero muli anthu cha m'ma 2,500 basi, ndipo Ayuda otsalamo ndi ochepa zedi, ambiri ndi nkhalamba. Anthu akaona ziwerengerozi amathamangira kunena kuti tauniyi ikufa, kuti maloto a amene anaiyambitsa anapita pachabe. Ine izi ndikuzikana, ndipo ndikufuna mumve chifukwa chake.

Tiyambe ndi kumene anthuwa anachokera. Anali a ku Podolia, dera limene lero lili mu Ukraine koma panthawiyo linali pansi pa ufumu wa Russia. Mfumu Alexander II itaphedwa mu 1881, magulu a anthu anayamba kuthyola nyumba ndi masitolo a Ayuda, kumenya ndi kupha. Chaka chotsatira boma linaika malamulo owaletsa kugula malo kapena kukakhazikika kumidzi. Ndiye anthu oposa 800 anakwera sitima yapamadzi yotchedwa Weser, nafika ku Buenos Aires pa 14 August 1889. Malo amene anagwirizana kale kuti akagula anapeza kuti mwini wake wasintha maganizo. Mkulu wina wa minda ikuluikulu, Pedro Palacios, anawalonjeza malo ena ku Santa Fe, pamodzi ndi chakudya ndi zipangizo zolimira.

Atafika pasiteshoni ya sitima, panalibe chilichonse. Anagona m'mabogi ndi m'mashedi a njanji kwa milungu yambiri. Sitima ikaima, ana ankathamangira kumawindo kukapempha zotsala za apaulendo. Matenda anagwa, ana makumi angapo anamwalira. Taganizani mayi amene wawoloka nyanja yonse ija kuti apulumutse mwana wake ku chipolowe, kenako n'kumuika m'manda pambali pa njanji chifukwa cha njala. Ndikafika pamenepa mtima umandiwawa, ndipo ndi pamenepa pamene ndimaonera chimene makolowa ankafuna. Sanapite ku Argentina chifukwa chokonda khasu. Ambiri anali amisiri ndi ochita timabizinesi, osadziwa n'komwe kumanga ng'ombe pagoli. Anapita kuti ana awo akhale ndi moyo, ndiponso kuti asamakanizidwe chinthu chifukwa choti ndi Ayuda.

Dokotala wina, Wilhelm Loewenthal, anadutsa pasiteshonipo, naona zimene zinkachitika, nakazinena kwa akuluakulu a boma komanso kwa atsogoleri a Ayuda ku Paris. Lipoti lake linafika kwa Baron Maurice de Hirsch, munthu wolemera kwambiri amene mwana wake wamwamuna mmodzi yekhayo anali atamwalira mu 1887. Mu 1891 Hirsch anakhazikitsa bungwe la Jewish Colonization Association, limene linagula malo ambiri ku Argentina n'kumakhazikapo mabanja othawa ku Russia. Apo n'kuti anthu a pasiteshoni aja atasamukira kale pamalo awo, motsogozedwa ndi rabi Aarón Goldman, n'kutcha mudziwo dzina lokumbutsa Mose.

Zimene anamanga m'zaka zotsatira ndi zodabwitsa kwa anthu amene anayamba chimanjamanja. Dzombe linkadya mbewu, chilala chinkabwera, koma anaphunzira kwa abusa a ng'ombe a kumeneko, otchedwa ma gaucho, kukwera kavalo ndi kuweta. Anadzala tirigu ndi msipu wa alfalfa, naweta ng'ombe zamkaka. Mu 1908 anayambitsa kopaletivi yawo, La Mutua Agrícola, kuti azigula ndi kugulitsa limodzi. Anamanga masunagoge anayi, chipatala, sukulu yophunzitsa aphunzitsi a Chiheberi, laibulale ndi nyumba ya zisudzo ya Kadima. Alimi ongochoka kumene pa njala, n'kuika ndalama pa laibulale ndi zisudzo! Munthu amene amamanga laibulale pakati pa minda amadziwa bwino kuti tsiku lina mwana wake adzawerenga za dziko lakutali n'kufuna kukaliona.

Ndi mmene zinakhaliradi. Anthu a m'midzi imeneyi ali ndi mawu amene amanena okha: tinafesa tirigu, tinakolola madokotala. Ana anapita ku Rosario, ku Córdoba, ku Buenos Aires, nakhala madokotala, maloya, aphunzitsi. Dziko la Israel litakhazikitsidwa mu 1948 ena anapita kumeneko. Ife tikuzidziwa izi. Bambo amagulitsa matumba a chimanga kuti alipire fizi, mwana n'kukakhazikika ku Lilongwe kapena ku Joni, ndipo palibe amene amanena kuti bamboyo walephera chifukwa pakhomo pachepa anthu. Ku Russia mwana wa Myuda ankatsekeredwa pakhomo la sukulu yaukachenjede chifukwa boma linaika malire a chiwerengero cha Ayuda ololedwa kulowa. Ku Argentina mwana wa mlimi yemweyo analowa, namaliza. Zimenezi kalembera wa tauni sangazilembe.

Komabe sindikufuna kukometsa zonse. Pali ena amene anachoka asakufuna, ndipo apa mlandu ndikuupereka kwa bungwe la Hirsch lija. Linkayendetsedwa kuchokera ku Paris, ndipo mabwana ake ankaona alimi ngati anthu ofunika kuwayang'anira. Malo sanali aulere, inali ngongole yobweza zaka zambirimbiri, ya malamulo okhwima. Choipa kwambiri n'chakuti bungweli linkakonda kupereka malo kwa obwera kumene kusiyana ndi ana a alimi akale. Mnyamata amene anakulira pakavalo, wokonda ng'ombe, wofuna kukwatira n'kulima pafupi ndi bambo ake, ankasowa pogwira. Kumeneku ndiye kunali kutaya, ndipo kukanapeweka. Othandizawo anaganizira za kupulumutsa makolo, zimene zinali zoyenera, koma za mbadwo wachiwiri anazisiya m'malere. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kunabwera Ayuda a ku Germany othawa Hitler, tauniyo inadzazanso kwakanthawi, koma ana awonso anatsata njira yomweyo.

Nanga anthu 2,500 a lerowa sali anthu? Izi zimandidandaulitsa pa nkhani yakuti tauniyi ikufa, chifukwa onena choncho amawerenga Ayuda okha. Ambiri okhala ku Moisés Ville tsopano ndi Akhristu, zidzukulu za anthu ochokera ku Italy ndi ku Spain komanso za eni nthaka akale. Ana awo amaphunzira m'masukulu a tauniyi, amaonera zisudzo ku Kadima, ndipo m'mabekale mumagulitsidwabe makeke a Chiyuda amene agogo aja anabwera nawo kuchokera ku Podolia. Chaka chilichonse mwezi wa October amachita chikondwerero cha kukhalira limodzi kwa mitundu, ndipo zidzukulu za oyambitsa tauniyi zimabwera kuchokera m'mizinda kudzaona manda a makolo awo, manda oyamba a Ayuda m'dziko lonse la Argentina. Zidzukulu zimenezo, madokotala ndi maloya aja, ndi zimene ndikuganiza kuti zili ndi udindo wokonza madenga a masunagogewo ndi kusamala mabuku a mulaibulale, chifukwa ndalama zimene zili nazo lero zinayambira pa mkaka ndi tirigu wa pamalo pomwepo.