Kufananitsa mafoda ndi rsync si bakapu ayi

Anzanga okonda terminal (zenera lolembamo malamulo a kompyuta), ndili ndi mawu pa nkhani ya rsync, chida chokopera ndi kufananitsa mafoda. Ambirife tikangolemba lamulo limodzi lokopera foda ya ntchito ku disiki yakunja, mtima umakhala m'malo, tati tili ndi bakapu. Ine ndikukana. Chimene muli nacho ndi kope lachiwiri la zinthu mmene zilili lero, ndipo lero zinthu zikawonongeka, kopelo limawonongekanso.

Chidachi sindikuchinyoza. Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anachitulutsa mu 1996, koma mpaka pano chikugwirabe ntchito pa maseva ambirimbiri. Nzeru yake ndi yakuti sichitumiza zonse nthawi iliyonse. Chimayamba chayang'ana kukula kwa fayilo ndi nthawi imene inasinthidwa komaliza, ndipo zikafanana mbali zonse ziwiri, fayiloyo chimaidumpha. Potumiza ku kompyuta ina kudzera pa SSH (njira yotetezeka yolumikizira makompyuta), fayilo yaikulu imene yasintha pang'ono sichiitumiza yonse, chimatumiza tizidutswa tokhato tomwe tasintha. Amene intaneti yake imayenda motsimphina amadziwa kukoma kwa zimenezi.

Nkhani imavuta tikafika pa --delete. Mukalemba rsync -a --delete ntchito/ /mnt/disiki/ntchito/ mwachiuza kuti chilichonse chimene kulibe kugwero chichotsedwenso kopitako. Ndiye taganizani: masana mwafufuta foda mwangozi osazindikira, usiku cron, pulogalamu yoyendetsa malamulo pa nthawi yoikika, yayendetsa lamulo lija monga munaiuzira, kutacha fodayo kulibe konsekonse. Rsync ili ngati kalilole, imangobweza chimene chili patsogolo pake osafunsa ngati ndi chabwino. Ngakhale musiye --delete simunapulumuke. Fayilo ikawonongeka, kapena ransomware (pulogalamu ya achifwamba ofuna dipo) ikatseka mafayilo anu, rsync imangoona kuti asintha, n'kukalemba owonongekawo pamwamba pa abwino aja.

Komanso samalani ndi kamzere kopendekera ka kumapeto. Mukalemba ntchito/ mukukopera zam'kati mwa foda, mukalemba ntchito popanda kamzereko mukukopera foda yeniyeniyo pamodzi ndi dzina lake. Kukasokoneza pomwe mwaika --delete, mutha kusesa zinthu zomwe simunafune kuzikhudza. N'chifukwa chake lamulo latsopano ndimaliyendetsa kaye ndi -n limodzi ndi -v, kuti lindionetse zomwe lichite lisanachite kanthu. Amene amaona kuti kutero n'kutaya nthawi, kaya, mafayilo ndi awo.

Bakapu yeniyeni imakulolani kubwerera m'mbuyo, kukatenga fayilo mmene inalili sabata yatha kapena mwezi watha. Ndipo rsync yomweyi imatha zimenezi, kungoti ambiri --link-dest sitiigwiritsa ntchito. Tsiku lililonse mumakopera mu foda yatsopano yokhala ndi deti la tsikulo, n'kuiuza rsync kuti iyerekeze ndi foda ya dzulo. Mafayilo amene sanasinthe sakoperedwanso, amangolumikizidwa ndi hard link (dzina lina loloza fayilo yomweyo pa disiki) ku amene alipo kale. Mukatsegula foda ya tsiku lililonse mumaona ngati ndi kope lathunthu, koma amene akudya malo atsopano pa disiki ndi mafayilo osintha okha. Chofunika kudziwa n'chakuti FAT32 ndi exFAT, njira zosanjira mafayilo pa disiki zomwe mafulashi ambiri amabwera nazo, sizilola ma hard link. Disiki ya bakapu muikonze kaye ndi ext4 kapena ina yolola zimenezi.

Ena mundiuza kuti nditenge zida za bakapu monga restic kapena BorgBackup, poti izo zimasunga mbiri ya mafayilo komanso kuwabisa ndi encryption. Sindikutsutsa, ndipo ngati bakapu ikupita pa seva ya eni ake, izo ndiye zoyenera. Koma pa disiki yanga ndimakondabe rsync, chifukwa zomwe imasiya ndi mafayilo wamba. Tsiku la tsoka ndingolumikiza disiki pa kompyuta iliyonse ya Linux, n'kutenga chomwe ndikufuna ndi lamulo lokopera la cp, popanda kusaka pulogalamu kapena kukumbukira mawu achinsinsi.

Disikiyo mukamaliza muzule. Ikakhala yolumikizidwa usana ndi usiku, ransomware kapena lamulo lolakwika lomwe lawononga kompyuta lifikanso komweko. Kope lina likhale kunja kwa nyumba imene kompyuta ili, poti wakuba ndi moto sasankha. Ndipo nthawi ndi nthawi tengani fayilo imodzi ya mu foda ya mwezi watha, muitsegule muone ngati ikutsegukadi.