SORN si njira yozembera msonkho: galimoto ichoke kaye pamsewu

Abale anga okhala kuno ku UK, pali uphungu wina umene ukuyenda pakati pathu ndipo ukugwetsa anthu m'chindapusa. Munthu akadandaula kuti msonkho wa galimoto ndi inshuwalansi zamukulira, kapena akuti akupita kumudzi miyezi iwiri itatu, mnzake amangoti, "Pangani SORN basi, simulipiranso kanthu." Mawuwa ali ndi choonadi, koma chimene amasiya kunena ndi chimene chimadya ndalama za munthu.

SORN ndi chidziwitso chimene mumapereka ku DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto ndi madalaivala, chonena kuti galimoto yanu yachoka pamsewu wa boma. Mukatero, lamulo silikukakamizani kulipira msonkho kapena kukhala ndi inshuwalansi pa galimotoyo. Koma kuchoka pamsewu sikutanthauza kungosiya kuyendetsa. Galimoto yoimikidwa m'mbali mwa msewu, pakhomo penipeni pa nyumba yanu, imene sinasunthe mwezi wathunthu, masamba ataunjikana pagalasi, pamaso pa lamulo idakali pamsewu. Iyenera kukhala m'galaja, pabwalo la nyumba yanu mkati mwa malire anu, kapena pamalo a munthu amene wakulolani. Apa ndi pamene ambirife timagwa, chifukwa nyumba zambiri zimene timachita lendi ku Leicester, Manchester kapena Leeds n'zogundanagundana, chitseko chimatsegukira kumsewu, malo oimikapo galimoto palibe. Ngati mukukhala m'nyumba yotere ndipo mulibe mnansi wokubwerekani malo, SORN si yanu. Ndipo amene mukukhala m'mafulati, funsani kaye eni malo: makhonsolo ndi mabungwe ambiri a nyumba salola galimoto ya SORN pamalo awo oimikapo magalimoto.

Ena amaganiza kuti poti masiku ano pagalasi sipamatidwa kapepala ka msonkho, palibe angadziwe. Kapepalako kanathetsedwa pa 1 Okutobala 2014 chifukwa sikankafunikanso. Makamera owerenga nambala za magalimoto ali m'misewu, ali pamagalimoto a apolisi, ndiponso pamavani amene amayenda m'makwalala kufunafuna magalimoto osalipira msonkho. Akaipeza pamsewu amaimanga tayala ndi chitsulo chachikasu chija. Kuti achotse mumalipira £100 ngati mwafulumira pasanathe maola 24. Mukachedwa amainyamula, ndipo kukaiombola ndi £200 kuphatikiza £21 pa tsiku lililonse limene yagona kumeneko. Ngati simunailipirire msonkho pokaitenga, mumasiyanso chikole cha £160. Mukapanda kupita, amaigulitsa kapena kuiphwanya. Munthu amene ali ku Mzimba pamaliro kapena ku Mulanje kukaona ana sangathamangire zimenezi. Ndipo kuyendetsa galimoto ya SORN pamsewu kungakufikitseni kukhoti, kumene chindapusa chimafika £2,500.

Tsono ngati malo muli nawo, kupanga kwake n'kosavuta ndipo n'kwaulere. Ndikubwereza: n'kwaulere. Pali mawebusaiti ena amene amaoneka ngati a boma n'kumakulipiritsani. Inu pitani pa GOV.UK pokha. Mufunika imodzi mwa nambala ziwiri. Yoyamba ili pa V5C, chikalata cha umwini chija chimene kwathu timati bulubuku, ndipo ili ndi manambala 11. Mukagwiritsa ntchito imeneyi, nthawi zambiri SORN imayamba nthawi yomweyo. Yachiwiri ili pa kalata yokukumbutsani za msonkho, ya V11, ndipo ili ndi manambala 16. Mukagwiritsa ntchito imeneyi m'mwezi umene msonkho wanu ukutha, SORN imayamba pa tsiku loyamba la mwezi wotsatira, ndipo imagwira ntchito kamodzi kokha. Musasokoneze ziwirizi. Mukalowetsa nambala ya pa V5C galimoto ikadali kunja, mwayamba kale kuphwanya lamulo. Yambani mwailowetsa pamalo ake, kenako tsegulani foni.

Ngati mwangoigula ndipo sinalembedwe m'dzina lanu, pa intaneti sizitheka: mumalemba fomu ya V890 n'kuitumiza pa positi ku DVLA ku Swansea. Ngati V5C inatayika, mumapempha ina ndipo mumalipira £25.

Nkhani ya adiresi ndiyo ndikufuna tiimepo pang'ono, chifukwa ife timasamukasamuka. Ntchito ikasintha, wasamuka. Lendi ikakwera, wasamuka. Ambiri amakumbukira kusintha adiresi pa laisensi n'kuiwala pa V5C, pamene ziwirizi zimasinthidwa padera. Cheke cha ndalama zobwezedwa chimapita ku dzina ndi adiresi imene ili pa V5C. Makalata ochenjeza ndi a chindapusa amapitanso komweko. Munthu amangodzidzimuka nkhani itafika kale kwa otolera ngongole, makalata onse ataunjikana pansi pa chitseko cha nyumba imene anachokamo chaka chatha. Konzani adiresi musanachite china chilichonse.

Za ndalama zobwezedwa, DVLA imabweza miyezi yathunthu yokha imene yatsala. Mukapanga SORN pa 3 Novembala, Novembala yense wapita, kubweza kuyambira Disembala. Mukadzafuna kuibwezera pamsewu pa 27 Januwale, mulipira Januwale yense. Choncho tsiku labwino lochotsera galimoto ndi kumapeto kwa mwezi, ndipo lobwezera ndi kumayambiriro. Ndalama zoonjezera zija, 5 peresenti ya olipira pang'onopang'ono kudzera ku banki ndi 10 peresenti ya olipira miyezi isanu ndi umodzi pakamodzi, sizibwerera. Ngati mumalipira mwa Direct Debit, DVLA imaimitsa yokha mukapanga SORN. Koma musachite zobwerera m'mbuyo: kuimitsa Direct Debit ku banki osauza DVLA si SORN. Kumeneko n'kungosiya kulipira, ndipo kompyuta imatulutsa yokha chindapusa cha £80, chimene chimatsika kufika £40 mukalipira msanga.

Chimodzimodzi ndi inshuwalansi. Kuyambira 2011, ku England, Scotland ndi Wales galimoto iliyonse iyenera kukhala ndi inshuwalansi nthawi zonse pokhapokha ngati ili pa SORN, ngakhale itatsekeredwa m'galaja. Mukangosiya inshuwalansi ithe osapanga SORN, mulandira kalata yochenjeza, kenako chindapusa cha £100, ndipo zikafika kukhoti mpaka £1,000. Dongosolo lake ndi ili: galimoto ilowe, SORN itsatire, inshuwalansi ndiyo yomaliza kuikhudza.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa apa ndi pamene maganizo anga agona. Mu Epulo 2025, msonkho wamba wa magalimoto ambiri olembetsedwa kuyambira Epulo 2017 unali £195 pa chaka. Pa mwezi ndi £16 ndi makobidi pang'ono. Ulendo wa kumudzi wa miyezi itatu mupulumutsa ndalama pafupifupi £50 yokha. Chitsulo chachikasu chimodzi chokha ndi £100. Ngati mukupita kwa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, musavutike: siyani msonkho ndi inshuwalansi ziziyenda. SORN imakhala yaphindu galimoto ikakhala yoti ikhala nthawi yaitali: yalephera MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo ndalama zokonzera zikusonkhanitsidwa, injini yafa mukudikira ina, mwapatsidwa galimoto ya kuntchito, kapena yanu ndi yakale ya injini yaikulu imene msonkho wake ndi mapaundi mazanamazana.

Ndalama zenizeni zimapulumukira ku inshuwalansi, koma kumenekonso yendani mosamala. Kampani zambiri zimalipiritsa mukathetsa mgwirizano pakati pa chaka, ndipo chaka chimenecho sichiwerengedwa pa zaka zanu zopanda ngozi. Zaka zimene munasonkhanitsa kale kampani zambiri zimazilemekeza kwa zaka ziwiri zokha muli opanda inshuwalansi. Galimoto yoima imabedwanso, imapsanso. Pali inshuwalansi yotsika mtengo ya moto ndi kuba yokha, funsani. Ndipo ngati galimoto munaitenga pangongole, werengani mgwirizano wanu, chifukwa nthawi zambiri umafuna inshuwalansi yonse mpaka ngongole itatha.

Pali ulendo umodzi wokha umene lamulo limalola: kupita ndi kubwerera ku MOT imene munasungitsa kale malo. Sungitsani nthawi, dzina ndi nambala ya galimoto zilembedwe kugalajako, ndipo pitani molunjika. Kupatukira ku Tesco kapena kukasiya mwana kusukulu sikuli m'gulu limeneli. Paulendowo inshuwalansi ikhalepo, ngakhale ya tsiku limodzi. Kugwidwa opanda inshuwalansi ndi £300 ndi mapointi 6, ndipo kwa amene simunathe zaka ziwiri chikhozereni mayeso a laisensi ya kuno, mapointi 6 amenewo amachotsetsa laisensi, muyambirenso mayeso. Kwa munthu wogwira ntchito yosamalira odwala ndi okalamba m'makomo, laisensi ndiye khasu lake.

SORN siifunika kuikonzanso chaka ndi chaka. Zimenezo zinatha mu Disembala 2013. Imatha yokha mukalipiranso msonkho, mukagulitsa galimoto, mukaiphwanyitsa kapena mukaitulutsa m'dziko. Siisamukira kwa wogula, monganso msonkho susamuka. Mukagula galimoto yotsika mtengo imene yakhala pa SORN, simungaiyendetse kupita nayo kunyumba musanailipirire msonkho m'dzina lanu, ndipo msonkho sulipirika popanda MOT ngati galimoto yapitirira zaka zitatu. Amene mumagula magalimoto oti mutumize ku Malawi kapena ku Zambia, mvetsani apa: kuchoka pabwalo kupita kudoko si ulendo wa ku MOT. Ikwezeni pa lole yonyamula magalimoto, ndipo ikachoka lembani gawo la V5C lodziwitsa DVLA kuti yatuluka m'dziko.

Galimoto yoima nayo imadwala, makamaka m'chinyezi cha kuno. Batire limatha mphamvu m'masabata ochepa. Chotsani waya wa negetivu kapena lumikizani kachaja kosunga moto ngati magetsi ali pafupi. Musakoke handibuleki miyezi yonseyo, chifukwa mabuleki a kumbuyo amamatirira ndi dzimbiri. Isiyeni m'giya ndipo tsekerezani matayala ndi njerwa kapena matabwa. Popani matayala mopitirira pang'ono muyeso wake kuti asaphwatalale pamene akhudza pansi. Petulo wa E10 amene ali m'mafilingi siteshoni kuyambira 2021 amakoka chinyezi akakhalitsa, choncho kwa galimoto yoima miyezi yambiri ndi bwino kuthira wa E5. Chotsani nyenyeswa zonse za chakudya pansi pa mipando, apo ayi makoswe alowa n'kuyamba kudya mawaya, ndipo ikani mkatimo zoyamwa chinyezi kuti mipando ndi malamba zisachite nkhungu. Kulitsa injini mphindi zisanu sabata iliyonse sikuthandiza: batire silidzaza ndipo madzi amangounjikana mu ekizosi.

Pa tsiku loibwezera pamsewu, yambani ndi inshuwalansi, kenako MOT ngati inatha, kenako msonkho ndi nambala ija ya pa V5C. Mukalipira, lowetsani nambala ya galimoto pa tsamba la GOV.UK loonera msonkho ndi MOT, ndipo sungani uthenga wotsimikizira kuti mwalipira, chifukwa nthawi zina pamatenga masiku angapo kuti zionekere pakompyuta.