Mwana aziloledwa kugwira

A mtolankhani, mwalemba kuti chimene chimakokera ana ku malo oonetserako za sayansi ndi makina odula ndi makompyuta amakono. Pamenepo pokha sindikugwirizana nanu.

Ine ndimakhala ku Johannesburg ndipo ana anga ndimapita nawo ku Sci-Bono Discovery Centre ku Newtown. Zoonera pa sikirini amangozidutsa, pajatu zoterozo ali nazo kale pa foni. Amachedwa pamalo pomwe akuloledwa kugwira, kukoka, kukankha, kupukusa, kulephera n'kuyambiranso popanda wina kuwakalipira kuti awononga. Mwana amene wakweza katundu ndi chingwe chodutsa pa kagudumu, n'kumva m'manja mwake kuti wapepuka, sadzafunikanso kuloweza tanthauzo la pulley.

China chomwe mwasiya ndi anthu ofotokozera. Wachinyamata amene amawerama n'kufunsa mwana kuti, "Ukuganiza kuti chichitike n'chiyani?" ndi wofunika kuposa makina alionse, makamaka akamalankhula chinenero chimene mwanayo amalankhula kunyumba.

Ndipo kwathu tisadziderere. Ku Karonga kuli nyumba yosungiramo zakale komwe ana amaona chigoba cha Malawisaurus, dinosaur (nyama yaikulu yakalekale imene idatha padziko) yomwe mafupa ake adafukulidwa m'boma lomwelo. Chosowa ndi kachipinda koti ana azifukula okha mumchenga ndi kuyesa maginito, magalasi ndi mabatire. Zimenezi sizilira mamiliyoni.

Aphunzitsi amene mukuwerenga, munapitako ndi ana anu? Amafunsa zotani pobwerera?