Chenjezo kwa okonza mapulojekiti: lekani kusenzetsa amayi katundu m'dzina la chitukuko

Inu olemba mapulojekiti ndi inu a m'makomiti, tamverani. Khalidwe lowerenga mitu ya amayi pamsonkhano, kuwajambula chithunzi, kenako n'kulemba mu lipoti kuti "za jenda taziganizira" litheretu. Umenewo ndi ulesi.

Nkhaniyi si yachilendo. Msonkhano wa mayiko wa za madzi wa ku Dublin, m'dziko la Ireland, mu 1992 unanena kale kuti amayi ndiwo nsanamira pa kutunga, kusamala ndi kuteteza madzi. Mu 2015 mayiko a United Nations anaika kusasiyanitsa amuna ndi akazi pa nambala 5 mwa zolinga 17 za chitukuko chokhazikika. Inu mukugonabe?

Taonani za mitengo. Mumabweretsa mbande, mwambo wobzala umatha tsiku limodzi, inu n'kukwera galimoto. Kuthirira m'mawa ndi madzulo, kupalira, kuingitsa ziweto, zonsezo zimagwera mayi amene msana wake wapindika kale. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linapeza mu 2018 kuti magawo atatu mwa anayi a ntchito zapakhomo zosalipidwa amagwira ndi akazi. Tsono mtengo ukakula, mwini wake ndi amene dzina lake lili pamalowo, ndipo bungwe loona za chakudya ndi ulimi la FAO limati mwa eni minda 100 padziko lapansi akazi sakwana 15. Wothirira wina, wogulitsa matabwa wina. Ulendo wotsatira mayi uja sathiriranso, mbande zimauma, inu n'kumati anthu safuna chitukuko. Manyazi mulibe?

Pamjigo n'chimodzimodzi. Mayi mumam'patsa usungichuma poti akuti saba, koma masipanala ndi maphunziro okonza pampu mumapatsa abambo okhaokha. Labala ikatha, wokonzayo ali kutali ku ganyu, amayi amabwerera kumtsinje.

Musanalembe bajeti, khalani ndi amayi paokha, muwerenge nawo maola a tsiku lawo kuyambira podzuka mpaka pogona. Pulojekiti ikawonjezera maola, lipirani ntchitoyo kapena chotsanipo ina. Msonkhano musauike nthawi yophika kapena yotunga madzi. Malo a mjigo asankhe ndi otungawo. Phunzitsani amayi osachepera awiri kumasula ndi kumanga pampu, zida azisunga okha, ndipo mmodzi azisainira nawo ndalama za komiti. Za mwini mitengo mugwirizane ndi kulemba maina a onse awiri, mwamuna ndi mkazi, dzenje loyamba lisanakumbidwe.