Vietnam ndi ndale za nsungwi

Tikamva za Vietnam ambirife timakumbukira nkhondo yawo ndi America yomwe idatha mu 1975. Timaiwala kuti patangotha zaka zinayi, mu February 1979, China ndiye adawoloka malire n'kuwathira nkhondo. Mu 1988 asilikali a Vietnam 64 adaphedwa ndi asilikali a China panyanja, polimbirana timatanthwe ta ku zilumba za Spratly, m'nyanja ya South China Sea. Anthu amenewa zipsera ali nazo za uku ndi uku.

Koma taonani alendo omwe adatera ku Hanoi: Biden wa ku America mu September 2023, Xi Jinping wa ku China mu December chaka chomwecho, Putin wa ku Russia mu June 2024. Miyezi 9 yokha, Biden ndi awiri enawo omwe samwerana nawo madzi, onse kulandiridwa pa mphasa imodzi. Malemu Nguyen Phu Trong, yemwe ankatsogolera chipani cholamula, ankazitcha ndale za nsungwi: mizu yolimba, koma nthambi zotsata mphepo.

Mnzanga wina dzulo amati umenewu ndi umleme, mbalame ayi nyama ayi, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndikukana. Amavumbwa ndi uja wopita m'mapangamo chimanjamanja kukapempha. Vietnam aliyense amamufuna. Mafoni a Samsung ambirimbiri amapangidwa ku Bac Ninh ndi ku Thai Nguyen (tembenuzani bokosi la foni yanu, mwina mwalembedwa Vietnam). Zipangizo zambiri Vietnam amagula ku China, katundu wambiri amagulitsa ku America, pomwe sitima zankhondo 6 zoyenda pansi pa madzi zili ku doko la Cam Ranh adagula ku Russia. Ndipo mu 2019 adalemba poyera kuti salowa mgwirizano wankhondo ndi dziko lililonse, komanso salola asilikali akunja kumanga msasa kwawo. China akamva zimenezo mtima umakhala pansi, Vietnam n'kumathira mchenga mwakachetechete kukulitsa tizilumba take ku Spratly komweko.

Pomwe ndikuona kuti nsungwi yafika polira ndi pa malonda. Mu April 2025 Trump adalengeza msonkho wa 46 peresenti pa katundu wa Vietnam. Atakambirana udatsikira pa 20, koma katundu wongodutsira ku Vietnam kuchokera kwina adamuikira 40. Sadatchule dzina, koma aliyense akudziwa kuti akunena za China, komwe mafakitale a Vietnam amagula nsalu ndi zitsulo zawo.